Phunziro la Alimi: Mdziweni Nunkhadala Wobiriwira ndi Kumene Amakhala

Alimi anzathu, chaka ndi chaka nyengo yogulitsa nandolo ikafika pamamveka madandaulo pa sikelo. Mlimi amabwera ndi thumba lodzaza bwino, koma wogula akapisamo dzanja amatulutsa njere zonyala, zina zokwinyika, zina zakuda mbali imodzi. Thumba limapepuka ndipo giredi imatsika. Pobwerera kunyumba mlimiyo amaloza chala mvula, kapena nthaka, kapena amene anamgulitsa mbeu. Koma kawirikawiri wolakwa ndi kachirombo kamene tonse timakadziwa ndi mphuno, ngakhale kuti ndi ochepa amene amakadziwa bwino ndi maso. Kachiromboka ndi nunkhadala.

Phunziro lino talilemba poganizira makamaka inu amene mumalima m'mbali mwa mapiri a Ndirande, Michiru, Soche ndi Bangwe, ndiponso m'madimba a m'mphepete mwa Mudi, Nasolo ndi Likhubula. Minda ya ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe ndi Machinjiri ndi yaing'ono ndipo ndi yogundizana. Munda umodzi mumakhala chimanga, nandolo, khobwe, nyemba, maungu ndi therere. Kalimidwe kotere ndi kabwino pa chakudya cha banja, koma nkabwinonso kwa nunkhadala, pakuti mbeu imodzi ikauma iye amangolumphira pa inzake. Matenanti a m'maesiteti nawonso awerenge bwino, chifukwa kachirombo komweka kamagwira fodya, thonje ndi makadamiya.

Maonekedwe a wamkulu

Anunkhadala alipo mitundu yambiri. Amene tikunena pano ndi wobiriwira uja, amene akatswiri amamutchula kuti Nezara viridula. Anayamba kulembedwa m'mabuku mu 1758 ndi katswiri wa ku Sweden dzina lake Linnaeus. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa, cha ku Ethiopia, ndipo kuchokera kumeneko anafalikira pamodzi ndi katundu wa malonda. Lero amapezeka m'maiko ofunda a dziko lonse lapansi, ku India, ku Australia, ku Brazil ndi pa zilumba za Caribbean. Tsono musaganize kuti ndi mlendo. Ndi mwini mudzi.

Mukamgwira, muikeni pa chikhatho chagada pansi ndipo muyang'ane zinthu izi. Thupi lake ndi laphanthiphanthi, lotambalala m'mapewa ndi losongoka kumbuyo monga chishango. Kutalika kwake ndi mamilimita 12 mpaka 15, ndiye kuti ngati chikhadabo cha chala cha mkombaphala. Wamkazi amakulirapo pang'ono kuposa wamwamuna. Mtundu wake ndi wobiriwira ngati tsamba la nyemba. Pakati pa msana pali chigamba cha ngodya zitatu chimene nsonga yake yaloza kumbuyo. M'mphepete mwa chigamba chimenechi, kumtunda cha kumapewa, muli timadontho titatu toyera tondandalikana, ndipo kumapeto kwa mzere umenewu, uku ndi uku, kuli kadontho kakuda. Timadontho timeneti ndiye chidindo chake. Ndi tating'ono, kotero muyang'ane pa dzuwa, osati m'nyumba.

Kenaka mtembenuzeni chagada. Muona mlomo wonga singano utapindidwa pakati pa miyendo. Nunkhadala alibe mano. Sadya tsamba monga mbozi kapena dzombe, ndipo nchifukwa chake mlimi amayenda m'munda naona masamba ali bwinobwino, osadziwa kuti zokolola zikutha. Iye amabaya khoko ndi singano yakeyo mpaka kufika pa njere, amalavuliramo malovu osungunula, kenaka nkuyamwa. Fungo lija limatuluka pa timabowo tiwiri ta pachifuwa, pafupi ndi miyendo yam'mbuyo, ndipo ndi chida chake chothamangitsira adani.

Si onse amene ali obiriwira thupi lonse. Ena ali ndi mzere wachikasu kumphumi ndi kutsogolo kwa mapewa, ngati avala mpango. Ena owerengeka ndi achikasu thupi lonse. Nyengo yozizira ena amaderako nkumaoneka ofiirira. Onsewa ndi mtundu umodzi, amakwerana ndipo amaononga chimodzimodzi.

Mazira ndi ana

Apa ndi pamene alimi ambiri amasokonezeka, ndipo tikupemphani kuti muwerenge chigawo chino kawiri.

Wamkazi amaikira mazira kunsi kwa tsamba, kawirikawiri masamba a kumtunda kwa mbeu. Saikira limodzilimodzi ai. Amawandandalika pamodzi mothithikana, m'mizere yoongoka, ndipo gulu lonse limaoneka ngati kachisa ka njuchi. Pa gulu limodzi pamakhala mazira 30 mpaka 130. Dzira lirilonse liri ngati kamgolo kokhala ndi chivindikiro pamwamba. Akangoikiridwa amakhala oyera mwachikasu. Pakapita masiku amasanduka ofiirira ngati papaya wakupsa, ndipo apo ndiye kuti atsala pang'ono kuswa. Kukamatentha amaswa pa masiku 5 kapena 6. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, amatha kutenga masabata awiri kapena atatu.

Ana akaswa safanana ndi make ngakhale pang'ono. Ndi tozungulira, topanda mapiko, ndipo si tobiriwira. Masiku oyamba timaunjikana pa zikhungwa za mazira osadya kanthu. Tikafundula koyamba timakhala takuda, tokhala ndi madontho oyera ndi ofiira pamsana, ndipo timayamba kuyamwa tiri pagulu. Pa msinkhu umenewu alimi ambiri amatisiya poyesa kuti ndi tizikumbu tija tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe za mbeu. Kusiyana kwake nkuti kachikumbu kodya nsabwe kali ndi msana wolimba wogawika pakati, tinyanga take ndi tatifupi, ndipo kamayenda kokha kufunafuna nsabwe. Mwana wa nunkhadala ali ndi msana wofewa wosagawika, tinyanga titalitali, amakhala pagulu pa makoko, ndipo mukamfinya amanunkha monga make.

Mwanayo amafundula kasanu asanakhale wamkulu. Akafika pa msinkhu wachinayi ndi wachisanu ambiri amayamba kubiriwira, koma amakhalabe ndi madontho oyera pamsana ndi timawanga tofiira m'mphepete mwa thupi, ndipo timapiko timayamba kuonekera. Ana akuluakulu amenewa amayamwa kwambiri ngati akulu omwe. Kuchokera pa dzira mpaka kukhala wamkulu pamatenga masiku ngati 35 kukakhala kofunda. Werengani nokha: kuyambira mvula yoyamba mu Novembala mpaka nandolo kuuma mu Ogasiti kapena Sepitembala, mibadwo ingapo imabadwa m'munda umodzi, ndipo mbadwo uliwonse umachuluka kuposa unzake. Amene mumamuona pa nandolo mu Juni ndi mdzukulu wa amene munamlekerera pa nyemba mu Febuluwale.

Pali mazira ena amene simuyenera kuwaphwanya. Mukapeza gulu la mazira litada bii, lisiyeni. Muli kamavu kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa njere ya mpiru, kamene kamaikira dzira lake m'kati mwa dzira la nunkhadala. Mwana wa kamavuko amadya zam'kati, ndipo m'malo mwa nunkhadala mumatuluka kamavu kena kokapitiriza ntchito. Kamodzi mwa timavu timeneti ndi Trissolcus basalis. Anthu a ku Australia anachita kukatenga ku Egypt mu 1933 kuti kakawathandize. Ku Hawaii, kumene nunkhadala ameneyu anafika mu 1961 nayamba kuononga ndiwo zamasamba ndi makadamiya, anaitanitsa kamavu komweka, ndiponso ntchentche ina yochokera ku zilumba za Caribbean imene imamata mazira ake pa thupi la nunkhadala wamkulu. Anzathuwo anachita kulipira ndalama kuti apeze adani a kachiromboka. Ife timavu totere tiri nato m'minda mwathu kwaulere, koma timatipha tokha popopera mankhwala mwachisawawa.

Kumene amakhala

Nunkhadala wobiriwira amadya zomera za mitundu yambirimbiri, koma chimene amatsata ndi chimodzi: njere kapena chipatso chimene chikukula, chisanaume. Mukagwira mfundo imeneyi mudzadziwa kumene mungampeze mwezi uliwonse.

Mvula ikagwa amayambira pa zomera za kutchire ndi udzu wa masamba otambalala umene umabala msanga, monga bonongwe, luni, mnadzi ndi nthula. Nyemba, khobwe, mphodza ndi soya zikayamba kuika makoko, cha mu Febuluwale ndi Malichi, amalowa m'munda. Amayamwanso chimanga chanthete, mapira ndi mpendadzuwa pamene njere ziri zamkaka. Mbeu zimenezi zikauma ndi kukololedwa, m'munda mumatsala nandolo yekha wobiriwira, ndipo apa ndi pamene iye amachita maluwa ndi kuika makoko. Anunkhadala onse a m'dera amasonkhana pamenepo. Nandolo wocha msanga monga Mthawajuni ndiye amayamba kulandira alendowa, ndipo wocha mochedwa amakumana nawo kwa nthawi yaitali.

Chilimwe chikafika sapita kutali. Kuno ku Blantyre kulibe chisanu choti chingawaphe onse monga kumaiko ozizira. Ena amabisala m'zinyalala, m'masamba ouma a pansi pa mitengo, m'makungwa ndi m'mapesi ounjikidwa. Ena amatsikira kumadimba kumene kuli tomato, therere, mabiringano, tsabola ndi zitheba. Malo ena amene timawaiwala ndi mitengo ya nsatsi. Yendani m'mphepete mwa Nasolo kapena Mudi, m'ngalande, pa madzala ndi pa mapoloti osamangidwa, muona nsatsi itamera yokha. Nsatsi imabala nthawi yaitali ndipo nunkhadala amaikonda. Mlimi wa m'tauni ali ndi vuto limene wa kumudzi alibe kwenikweni: malo oterewa alibe mwini, ndipo palibe amene amadziona kuti ndi udindo wake kuwalambula. Kunena zoona, mlimi mmodzi sangathe. Pafunika a kalabu kapena oyandikana minda agwirizane tsiku.

Ngakhale pa tsinde limodzi, nunkhadala sakhala pamodzimodzi tsiku lonse. M'mawa dzuwa likangotuluka amakwera pamwamba pa masamba kukaothera, ndipo amakhala waulesi, sauluka msanga. Dzuwa likakwera amatsikira m'kati mwa masamba, pamthunzi. Mukamyandikira amazembera kuseri kwa tsamba kapena kudzigwetsa pansi. Mlimi amene amayendera munda masana amabwerera nkumati mulibe kanthu.

Zizindikiro pa mbeu

Pa nandolo, khobwe, nyemba ndi soya, makoko anthete amanyala ndi kuyoyoka. Makoko okulirapo amakhala ndi timadontho takuda pamene singano inalowera, ndipo mukawasenda mumapeza njere zamphwephwa kapena zokwinyika. Singano yomweyo imalowetsa matenda amene amadetsa njere. Njere zotere sizimera bwino, choncho musazisunge ngati mbeu. Kusiyana kwake ndi mbozi nkuti mbozi imaboola bowo looneka ndipo imasiya ndowe zake, pamene nunkhadala amasiya khoko liri lotsekeka.

Pa tomato mumaona mawanga oyera kapena achikasu, ndipo mukasenda khungu pansi pake pamakhala polimba ngati chinkhupule. Amayi ogulitsa mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe amadziwa kuti tomato wotere ogula amamlambalala. Therere limapindika ndi kutuluka timatuza. Pa thonje, timabulo tanthete timagwa, ndipo thonje la m'mabulo otsala limathimbirira. Pa makadamiya, monga amene amalimidwa m'maesiteti a ku Thyolo, mtedza wanthete umagwa ndipo wotsala umakhala ndi mawanga olowa m'kati.

Matenanti a fodya adziwe ichi. Mukaona tsamba limodzi kapena awiri a kumtunda atafota mwadzidzidzi tsiku lotentha pamene tsinde lonse liri bwino, yang'anani pa msempha waukulu wa tsambalo. Kawirikawiri mupeza nunkhadala akuyamwa. Nthawi zambiri tsamba lotere limadzukanso, koma dzuwa likaliwamba liri lofota limapsa. Muuzeni kapitawo kuti adzaone, asaganize kuti ndi matenda a mizu.

Ena ofanana naye

Si kachirombo kalikonse konunkha kamene ndi Nezara viridula. Pa nandolo ndi khobwe mupezanso wina wotuwa moderako, wocheperako, waubweya, wokhala ndi minga iwiri m'mapewa. Ameneyu ndi Clavigralla, ndipo m'minda yambiri ya nandolo amaononga kuposa wobiriwirayo. Pali wina wamkulu wakuda, wotalika pafupifupi masentimita 3, amene wamwamuna wake ali ndi ntchafu zam'mbuyo zonenepa ndi zokhota. Ameneyu ndi Anoplocnemis curvipes ndipo amakonda kuyamwa nsonga zanthete mpaka kufota. M'madimba a mpiru, repu ndi tchayinizi muli kena kakang'ono kakuda ka mawanga ofiirira ndi oyera, kamene kamachuluka nyengo yotentha ndipo kamaumitsa mbande. Dzina lake ndi Bagrada. Olima khofi amadziwa Antestia, wa mawanga oyera, akuda ndi ofiirira.

Olima soya amve za wina. Pali nunkhadala wobiriwira motuwa, wocheperako kuposa wathuyu, amene ali ndi mzere wofiira wopingasa m'mapewa. Dzina lake ndi Piezodorus guildinii. Anayamba kulembedwa mu 1837 kuchokera pa chilumba cha St Vincent ku Caribbean, ndipo wasautsa kwambiri alimi a soya ku Brazil, Argentina ndi kum'mwera kwa United States. Mazira ake ndi akuda chiikirire, ndipo amawandandalika m'mizere iwiri, kawirikawiri pa khoko penipeni. Abale ake a banja la Piezodorus alipo muno mu Africa. Tsono taonani kufunika koyang'anitsitsa: tanena kuti mazira akuda a gulu longa chisa cha njuchi muwasiye, koma mazira akuda a mizere iwiri pa khoko la soya ndi nkhani ina, amenewo phwanyani.

Aliponso anunkhadala amene ndi abwenzi a mlimi. Ambiri ndi oderako, a mapewa osongoka, ndipo mlomo wawo ndi wonenepa kuposa wa oyamwa mbeu. Mukapeza nunkhadala atabaya mbozi, ikulendewera pa mlomo wake, msiyeni agwire ntchito. Mitundu inanso anthu amadya, monga harurwa wa ku Bikita ku Zimbabwe, ndipo kwathu kuno aliko amene amatola mitundu ina nkukazinga. Pa nkhani imeneyi chenjezo lathu ndi lakuti kachirombo kotoledwa m'munda wopoperedwa mankhwala sikayenera kulowa mu mphika.

Zoyenera kuchita

Yambani kuyendera munda mbeu zikangochita maluwa, kawiri pa sabata, m'mawa isanakwane 9 koloko. Musangoyang'ana m'mphepete mwa njira. Dutsani munda mopingasa ndipo muime malo angapo. Yalani thumba kapena chitenje chakale pansi pa tsinde la nandolo, gwedezani nthambi, ndipo muwerenge zimene zagwa, akulu ndi ana omwe. Tembenuzani masamba a kumtunda kufuna mazira. Mukamaona kuti chiwerengero chikukwera sabata ndi sabata pamene makoko akadali anthete, musadikire.

M'minda yaing'ono monga ya kuno kutola ndi manja kumagwira ntchito ndithu, ndipo sikulira ndalama. Tengani chitini cha madzi a sopo, chiikeni pansi pa nthambi ndi kugwedezeramo. Popeza chizolowezi chake nkudzigwetsa, amagwera yekha m'chitinimo. Gulu limodzi la mazira kapena la ana ongoswa kumene mukaliphwanya ndi chala, mwapha anunkhadala makumi angapo nthawi imodzi. Samalani kuti madzi ake onunkha asakulowereni m'maso chifukwa amawawa, ndipo ana akamathandiza muwauze asambe m'manja.

Palirani munda ndi m'malire mwake mbeu zisanachite maluwa. Mukachedwa nkudzalambula tchire pamene makoko alipo kale, mumangothamangitsira anunkhadala m'munda mwanu. Zotsalira za nyemba ndi khobwe musazisiye ziri chiimire mukakolola, zikwirireni kapena muziike pa kompositi. Bzalani nthawi imodzi ndi anzanu oyandikana nawo, chifukwa munda wotsalira wokha ndiwo umalandira tizirombo ta dera lonse. Nandolo akauma mkololeni msanga ndi kumsankha bwino musanapite naye kumsika. Nandolo wambiri wa chigawo cha kum'mwera amapita ku makina osenda a ku Blantyre ndi Limbe ndiponso ku India, ndipo ogula oterewa amayang'ana njere zodzaza ndi zoyera.

Alimi ena amagwiritsa ntchito madzi a nimu kapena a ombwe. Amenewa amathandiza makamaka pa ana aang'ono, koma akulu amalimba. Ombwe amapha nsomba, choncho musatsukire ziwiya zake mumtsinje. Za mankhwala ogula, funsani alangizi a zaulimi kuti akuuzeni oyenera mbeu yanu ndi muyeso wake. Mankhwala akale monga DDT ndi endosulfan analetsedwa pa ulimi, ndipo musagule mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro amene amagulitsidwa m'misika. Poperani m'mawa pamene nunkhadala ali pamwamba, koma pewani kupopera maluwa pamene njuchi ziri pa ntchito. Werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole tomato, therere kapena nandolo wamuwisi. Inu matenanti, mankhwala amene mwapatsidwa kuti mupopere fodya kapena thonje si a ndiwo. Musawatengere kudimba la banja.

Mukapeza kachirombo kamene sikakugwirizana ndi zimene tafotokozazi, gwirani tiwiri kapena titatu, muike m'kabotolo kotseka bwino, pamodzi ndi tsamba la mazira ngati mwawapeza. Pa kapepala lembani mbeu imene mwakapezapo, malo ake, tsiku, ndiponso ngati kanali pa khoko, pa tsamba kapena pa nsonga. Perekani kwa alangizi a m'dera lanu. Iwo akalephera kukazindikira angathe kukatumiza ku malo a kafukufuku a Bvumbwe, kumene kuli akatswiri a tizirombo ta mbeu.